Ndege za Masana

Kuyambira pamene tidayambanso kusema tindege pa khonde la nyumba yathu kuno ku Lichinga, mawu a mitundu iwiri akhala akutipeza. Oyamba amanenedwa pamaso pathu, moseka: akuti abusa abwerera ku ubwana. Achiwiri amayenda chapansipansi ngati madzi a m'dambo, ndipo adatifika kudzera mwa mayi a kunyumba: akuti munthu wamkulu wa ndevu zake, ndege akufuna apite nayo kuti? Aliyense amene adakulira m'midzi yathu akudziwa chimene funso lotere limaloza. Tsono taona kuti nkwabwino tiyankhe mbali zonse ziwiri pano, pamene onse angathe kuwerenga, kusiyana ndi kumayankha mmodzimmodzi kuseri kwa nyumba.

Ife amene tapitirira zaka 40 tidatsegula maso nkhondo ili mkati, ndipo idatha tili anyamata ndithu, pamene pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Mzinda wathu uno, umene Apwitikizi ankautcha Vila Cabral kufikira ufulu wa 1975, uli pamwamba pa chitunda, mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, kutali ndi madoko onse. Njanji yochokera ku Cuamba idafika kuno m'chaka cha 1969, koma m'zaka za nkhondo sitima idasanduka mlendo wosowa, ndipo njanjiyo idadzakonzedwa bwino m'chaka cha 2016. Msewu wa ku Mandimba udali wa anthu olimba mtima okha. Choncho zambiri zimene zinkafika mumzinda muno zinkatsika kumwamba: mankhwala, makalata, asilikali, akuluakulu a boma, nthawi zina matumba a chakudya. Mwana wa ku Lichinga adadziwa ndege asanadziwe sitima.

Tinkazizindikira ndi khutu tisanazione. Antonov ya asilikali inkabwera ndi kulira kolemera, kokoka, kumene kunkanjenjemeretsa malata. Boeing ya LAM inkabangula ngati bingu la mvula yoyamba. Helikopita inkamenya mphepo ngati mayi akupuntha nyemba. Mtendere utabwera padaonekanso zina zoyera mbee, zolembedwa zilembo ziwiri zakuda za bungwe la United Nations, zimene zidakhala m'dziko muno mpaka chisankho cha 1994 chitachitika. Ndipo chilichonse chimene tinkachiona m'mwamba, madzulo ake tinkachipanga pansi. Tinkasenda phesi la chimanga, mtima wake wofewa uja n'kuudula ndi lumo, kenaka n'kulumikiza zidutswazo ndi timizere ta khungu lake lakuthwa, timene tidatitema zala kosawerengeka. Amene adali ndi mwayi wa waya ankapinda ya waya, matayala ake zitsekerero za mabotolo, zomangira zake malegeni. Zitini za mafuta ophikira a chithandizo zinkasanduka mapiko. Wosowa zonsezi ankangobaya tsamba la mango ndi kamtengo, n'kuthamanga nalo moyang'anana ndi mphepo kuti lizizungulira, pakamwa akuliza injini.

Kenaka kudabwera sukulu, banja ndi ntchito, ndipo manja adazolowera cholembera ndi chiwongolero cha njinga. Padapita zaka zoposa 25.

Chimene chidatibwezera ku ntchito imeneyi ndi manambala atatu. Tili paulendo ku Nampula tidaona m'sitolo ina kabokosi ka zidutswa za pulasitiki zomangira ndege, ndipo pachivundikiro pake padalembedwa 1:72. Mtengo wake sudali wa thumba la mbusa, choncho bokosilo tidalisiya pomwepo, koma manambalawo tidabwera nawo kunyumba. Tanthauzo lake nlakuti chilichonse cha pa kandegeko nchochepa ka 72 poyerekeza ndi cha pa ndege yeniyeni: phiko, tayala, chitseko, ngakhale mpando wa woyendetsa. Muyeso umenewu udayambira ku England m'zaka za m'ma 1930, ndipo udasankhidwa chifukwa kwa iwo owerenga m'mainchi ndi mafiti unkagwa bwino: munthu wotalika mafiti 6 amasanduka inchi imodzi. Kampani ya Airfix itayamba kugulitsa tindege ta pulasitiki m'zaka za m'ma 1950, kuyambira ndi ndege yankhondo yotchedwa Spitfire, muyesowu udafala m'maiko ambiri. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'chaka cha 1942, boma la America lidapempha ana a sukulu kuti aseme tindege ta matabwa 500,000 pa muyeso womwewu, kuti asilikali aziphunzirira kusiyanitsa ndege ya kwawo ndi ya mdani. Pamenepo mwana akalakwitsa kutalika kwa mchira, msilikali akadatha kuombera mnzake. Titawerenga zimenezi tidakumbuka khutu lathu lija la ubwana. Nafenso tinkaphunzira ndege chifukwa kudziwa imene ikubwera kudali nkhani ya moyo.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa ndege ya mwana ndi ndege ya munthu wamkulu. Mwana amapanga ndege monga momwe idamuopsera kapena kumusangalatsira. Phiko limatalika mpaka pamene phesi lathera. Wamkulu amayenera kugonjera muyeso. Sapanga chimene akuganiza kuti adachiona, amayamba wafufuza chimene chilipodi.

Ife tidasankha muyeso wa 1:100, popeza kuno timawerenga m'mamita, ndipo masamu ake ngapafupi: mita imodzi ya ndege ndi sentimita imodzi pa tebulo. Boeing 737-200, mtundu umene LAM inkabwera nawo kuno m'zaka zija, njotalika mamita 30 ndi theka, ndipo kuchokera ku nsonga ya phiko lina kufika ku nsonga ya linzake ndi mamita 28 ndi pang'ono. Ndiye kuti chilombo chonse chija chimangopitirira pang'ono rula ya mwana wa sukulu. Antonov An-26 thupi lake ndi lalifupi, pafupifupi mamita 24, koma mapiko ake amafika mamita 29. Taonani tsono: Antonov ili ndi mapiko otambalala kuposa Boeing. Palibe mnyamata wa m'nthawi yathu amene akadavomera zimenezi, chifukwa kwa ife yobangula kwambiri ndiyo idali yaikulu pa chilichonse. Zojambula zoonetsa ndege cham'mbali, chapamwamba ndi chakutsogolo zimapezeka pa intaneti ya pafoni, ndipo timazikopera m'kope la masamu la timabokosi. Kabokosi kamodzi ka mamilimita 5 kamaimira theka la mita. Mawindo a Boeing amatalikirana pafupifupi theka la mita, choncho windo lililonse limagwera m'kabokosi kakekake, ngati kuti amene adapanga kopelo adaapangana ndi amene adapanga ndegeyo.

Anzathu a kunja amasema ndi mtengo wopepuka wotchedwa balsa, umene wambiri umachokera ku Ecuador. Ife tili ndi chiwale. Nchopepuka, chimamvera mpeni, ndipo amene amabwera kuchokera m'madambo ndi kunyanja, cha ku Metangula, amatibweretsera popanda kutilipiritsa zambiri. Vuto lake chimanyenyeka msanga chikafika popyapyala, ndiye mapiko timasema ndi zidutswa za paini zimene akalipentala amataya. Paini kuno sasowa, mzinda wonse wazunguliridwa naye. Miyendo ya matayala ndi ya nsungwi kapena ya waya, matayala timaboola pa patapata wakutha. Thupi timayamba kulidula monga limaonekera cham'mbali, kenaka monga limaonekera chapamwamba, ndipo pomaliza timachotsa ngodya pang'onopang'ono mpaka libulungike. Ntchito yochedwa ndi phiko. Liyenera kukhala lochindikala kutsogolo, lotukuka pamsana, n'kumapyapyala mpaka kumbuyo kwake kufanane ndi chikhadabo. Mapiko awiriwo ayenera kufanana ngati mapasa, ndipo lachiwiri ndilo limayesa mtima wa munthu, pakuti loyamba umasema uli ndi chidwi, lachiwiri uli ndi changu. M'nyengo ya mvula guluu amachedwa kuuma, m'mwezi wa Juni ndi Julayi zala zimauma ndi chisanu cha kuno mpaka mpeni sugwirika. Kandege kamodzi kamatidyera miyezi iwiri kapena itatu, pogwira ola limodzi Lolemba ndi maola awiri Loweruka. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo posemapo munthu amayamba kufunsa mafunso amene sadawafunsepo. Nchifukwa chiyani mapiko a Antonov ali pamsana, pamene a Boeing ali kumimba? Chifukwa Antonov idapangidwira mabwalo a fumbi ndi miyala. Mainjini ndi mapulopela ake adawakweza kuti asamameze miyala, ndipo thupi lidatsika pafupi ndi nthaka kuti katundu azilowera pa chitseko chachikulu cha kumchira. Nchifukwa chiyani ndege yodzaza imathamanga mtunda wautali pa bwalo lathu lino isananyamuke? Chifukwa pamalo okwera ngati pano mpweya ngwopepukirapo kusiyana ndi ku Nacala kapena ku Beira, ndipo phiko limasowa pogwira mpaka liwiro litakwanira. Tidakhala zaka zonsezi tikuona zinthu izi ndi maso, koma mpeni ndiwo udatiphunzitsa.

Tsono kwa inu amene mukuti ndi chibwana, tikufunsani mwaulemu: kodi munthu wamkulu apume motani? Abambo akakhala pa bawo kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, palibe amene amati abwerera ku ubwana, chonsecho akuseweretsa timiyala m'timaenje. Ena amathera Loweruka lonse pa wailesi kumvera mpira, ena kumalo amene sitifuna kuwatchula m'tsamba lino. Bawo sitikuinyoza ayi, imanola nzeru. Tikungoti pakati pathu pali chizolowezi choganiza kuti manja a munthu wamkulu ayenera kugwira chokhacho chobweretsa ndalama, ndipo china chilichonse chimene angapange mwaluso nchamanyazi. Maganizo amenewa atiphera amisiri ambiri. Anyamata amene ankapinda magalimoto a waya okhala ndi chiwongolero chokhota ndi zitseko zotseguka, adauzidwa tsiku lina kuti akula, asiye. Ndipo lero tikaonongekerwa ndi chigayo timadikira munthu wochokera ku Nampula kapena ku Blantyre.

M'chaka cha 1878 bambo wina wa ku America, Milton Wright, amene adali bishopu wa mpingo wa United Brethren, adabwerera ku ulendo ndi kachoseweretsa ka nsungwi, pepala ndi mphira, kamene kakaponyedwa kankakwera mpaka kudenga. Ana ake awiri, Wilbur ndi Orville, adakasewera mpaka kadathyoka, ndipo adayamba kupanga tawo. Atakula adakhala okonza ndi kugulitsa njinga. Ali akuluakulu adabwereranso ku tinthu tating'ono: m'chaka cha 1901 adayesa timapiko pafupifupi 200 m'bokosi lopitamo mphepo, akulemba muyeso wa kalikonse. Pa 17 Disembala 1903 ndege yawo idauluka kwa masekondi 12 ku Kitty Hawk. Pafupi ndi kwathu kuno, William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adamanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ndi mbali za njinga, ali mnyamata wosiyira sukulu panjira chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002. Asanayatse babu, anthu ankamuyesa wamisala. Ife sitikuyembekeza kuti pakhonde pathu patuluka ndege yonyamula anthu. Komabe mwa anyamata asanu ndi mmodzi amene amabwera kudzaonerera, awiri aphunzira kale kugawa ndi 100 popanda kuwakakamiza, chinthu chimene aphunzitsi awo adalimbana nacho chaka chathunthu.

Funso lachiwiri lija ndi lolemera, ndipo sitiliseka. Tonse tidamvapo za ndege za usiku: lichero, kapena kanthu komangidwa ndi nsanza, mikanda ndi timitengo, kamene kamapezeka m'mawa pa mphambano, anthu n'kusonkhana kuti yagwa, mafuta adaithera. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi chotsatira chake, pakuti ndege yotere siikhalitsa yopanda mwini. Dzuwa lisanafike pamutu dzina limakhala litapezeka, ndipo kawirikawiri ndi la gogo wosauka, la mayi wamasiye, la munthu wokhala yekha amene alibe womuyankhulira. M'mwezi wa Januwale 2016, m'boma la Neno ku Malawi, okalamba anayi a banja limodzi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la 1911 loletsa kunenera munthu ufiti, koma lamulo lili m'buku ndipo khamu lili pabwalo. Kuno ku Mozambique nako okalamba ambiri athamangitsidwa m'nyumba zawo ndi ana awo omwe pa mlandu womwewu. Ngati mbusa, amene ali ndi mpingo womuikira kumbuyo, anganong'onezedwe chifukwa cha chidutswa cha chiwale, nanga gogo amene kwapezeka kanthu kachilendo kuseri kwa nkhokwe yake adzathawira kuti?

Nchifukwa chake sitidalowetse ntchitoyi m'chipinda, ngakhale ena otifunira zabwino adatilangiza kutero. Chobisika ndicho chimabala nkhani. Timasemera poyera, masana, ndipo wodutsa aliyense ali ndi ufulu wotola kandege, kukatembenuza ndi kukanunkhiza. Tsiku lina agogo ena a m'dera lathu la Chiuaula adaima nthawi yaitali chapatali, kenaka adasendera.

"Abusa, kameneka kamauluka?"

"Iyayi agogo. Kakachoka patebulo kagwa ngati chitsononkho. Tagwirani muone."

Adapukuta manja pa chitenje, adakanyamula ndi manja awiri, n'kukayesa kulemera kwake. "Chiwale chomwechi?"

"Chomwecho agogo, cha zitseko."

"Ndiye inu abusa mukuvutikiranji?" Ndipo adaseka mpaka kutsokomola.

Kwa anyamata tidapanga ina youlukadi, ya nsungwi zopala ndi pepala, yopanda injini, yongoponya. Tidawafunsa ngati adatulutsapo dzanja pawindo la galimoto ikuthamanga: ukalipendeketsa pang'ono, mphepo imalikankhira m'mwamba, chifukwa dzanjalo likukankhira mphepo pansi. Phiko limachita zomwezo. Tidawaonetsa kuti kandegeko kayenera kukhazikika pa zala ziwiri zoikidwa pansi pa mapiko, chakutsogolo pang'ono kwa pakati pake. Kakalemera kumchira kamadzutsa mphuno, kuima m'malere n'kugwa. Ukabaya kamsomali kumphuno kamatsetsereka bwinobwino mpaka kumpanda. Adayesa okha, msomali waukulu, msomali waung'ono, akukangana. Sitikunena kuti rula ndi msomali zidzachotsa mantha onse m'mitima ya anthu. Mantha amenewa ali ndi mizu yakuya, ndipo kuwazula ndi ntchito ina. Koma mnyamata amene wathera masana onse akufunafuna pamene kandege kake kakhazikike, akadzamva khamu likufuula kuti agogo auje auluka pa lichero, mwina adzachedwa pang'ono kutola mwala. Kuchedwa pang'onoko nthawi zina ndiko kumapulumutsa munthu.

Patebulo pathu tsopano pali ndege imene sitidaisankhe tokha. Bambo ena achikulire a mumpingo mwathu, amene adagwirapo ntchito ya boma m'zaka zoyamba za ufulu, adaona Antonov itatha ndipo adati, "Abusa, mundipangireko ya Samora." Ankanena Tupolev Tu-134 imene idagwa ku Mbuzini, m'malire a South Africa, usiku wa pa 19 Okutobala 1986, Pulezidenti Samora Machel akuchokera ku msonkhano wa ku Mbala m'dziko la Zambia. Anthu 35 adatha pangoziyo, ndipo pamalopo lero pali mipope yachitsulo 35 imene imalira mphepo ikaomba, chikumbutso chimene Nelson Mandela ndi Joaquim Chissano adatsegulira m'chaka cha 1999. Ife tidali ana aang'ono pamene zinkachitika; chimene timakumbuka ndi nyimbo zachisoni pa wailesi ndi akuluakulu akulankhula motsitsa mawu. Tidazengereza masabata angapo, poganiza kuti kapena si bwino kuika chinthu chotere m'nyumba ya munthu. Titawafunsa chifukwa chake, adayankha kuti zithunzi zonse zimene adaziona za ndegeyo ndi za zidutswa zomwazika paphiri, ndipo akufuna aione yathunthu.

Njovuta kuposa zinzake zija. Kutalika kwake ndi mamita 37, ndiye kuti masentimita 37, ndipo chiwale chowongoka bwino chotalika chotero tidachipeza pa ulendo wachitatu. Mapiko ake ngopendekera kumbuyo kwambiri. Mainjini onse awiri ali kumchira, ndipo timapiko ta kumchira tili pamwamba penipeni pa chipsepse chake, kotero kuti kulemera konse kumathawira kumbuyo. Kuti kaime pa matayala ake atatu tidayenera kuboola mphuno ndi kubisamo mitu iwiri ya misomali. Bambowo amabwera Loweruka lililonse cha m'ma 3 koloko, amakhala pa mpando osalankhula zambiri, ndipo sabata yathayi ndiwo adatigwirira thupi lake pamene tinkamata mchira. Akuti aifuna isanafike 19 Okutobala. Kwatsala mawindo ndi penti.